Magetsi a livesi akasiya kuyaka pa galimoto yakale ya manyuwo: moto umadutsa kuti, umathera pati

Pali chisokonezo china chomwe sichitha pakati pa anthu oyendetsa galimoto zakale za manyuwo, zija ma Corolla a m'ma 1990, ma Hilux, ma Hiace, ma Nissan Hardbody ndi ma Citi Golf ochokera ku Joni. Munthu waponya giya ya livesi, galimoto ikubwerera m'mbuyo bwinobwino, koma magetsi oyera aja kumbuyo ali zii. Ndiye wina amuuza kuti giyabokosi yayamba kutha, wina akuti ndi kompyuta ya galimoto, wina akuti ingogulani switchi basi, munthu nkugula switchi, kuika, magetsi osayakabe, ndalama yapita ndipo vuto lili pompo.

Chonsecho pa mawaya onse a m'galimoto yakale, a livesi ndi ena mwa osavuta kuwamvetsa. Palibe kompyuta pakati, palibe chinsinsi. Ndi moto wochoka ku batire womwe umadutsa malo owerengeka, ndipo ukalephera kufika ku babu ndiye kuti waima pa amodzi mwa malo amenewo. Ntchito yonse ndi kupeza pomwe waima, osati kugula masipeya mongoganizira.

Magetsi amenewa ntchito yake ndi chani

Ntchito ndi ziwiri. Yoyamba aliyense amaidziwa, kuunikira kumbuyo usiku kuti musagunde mpanda kapena kugwetsera tayala m'ngalande. Yachiwiri ndi imene ambiri amaipeputsa, kuchenjeza amene ali kumbuyo kwanu kuti galimotoyi ikubwera chakuno. Pa msika, pa depoti, pa bwalo la sukulu, olo pakhomo pomwe ana amasewera kuseri kwa galimoto, kuwala koyera kuja ndi chizindikiro chokhacho chomwe munthu wapansi amaona galimoto isanasunthe. Nchifukwa chake amakhala oyera, chifukwa china chilichonse kumbuyo kwa galimoto chimakhala chofiira kapena cha orenji, kupatula kababu ka pa nambala.

Palinso nkhani ya mapepala. Galimoto ikamapita ku COF magetsi amaunikidwa, ndiye bola kupita zonse zikuyaka. Abale omwe ali ku Britain, kumeneko kuyambira mu May 2018 mayeso a MOT, omwe ali ngati COF ya kumeneko, amayang'ana magetsi a livesi pa galimoto zomwe zinayamba kuyenda pamsewu kuyambira pa 1 September 2009, zakale kuposa apo saziyang'ana, komabe kusayang'anidwako sikuchotsa mwana yemwe ali kuseri kwa galimoto.

Kanthu kena musanayambe kumasula zinthu: galimoto zambiri za ku Ulaya zinapangidwa ndi getsi la livesi limodzi lokha. Mbali inayo, pamalo omwewo, pamakhala getsi lofiira la m'nkhungu. Ndiye ngati mwagula galimoto ya ex-UK mukuona mbali imodzi yokha ikuyaka, yang'anani kaye galasi lake, ngati mbali inayo ndi lofiira osati loyera palibe chomwe chafa, ndi mmene anaipangira.

Njira ya moto

Moto umachoka ku batire, umadutsa pa kiyi, kutanthauza kuti pa galimoto zambiri magetsi a livesi sayaka pokhapokha kiyi ali pa ON, pomwe timagetsi ta pa dashibodi timayaka paja. Kuchoka apo umadutsa pa fyuzi, kenako waya amapita ku giyabokosi komwe kuli switchi ya livesi. Switchi imeneyi imaoneka ngati bawuti yonenepa yomangidwa pa thupi la giyabokosi, kunja kwake kuli pulagi ya mawaya awiri, mkati mwake kuli kampira kachitsulo kapena kandodo kakang'ono kokhala ndi sipuling'i. Mukaponya livesi, chitsulo chomwe chimasuntha giya mkatimo chimakankha kampirako, switchi imatseka, moto nkudutsa kuchoka pa waya woyamba kupita pa wachiwiri. Waya wachiwiriyo ndi amene amayenda ulendo wautali mpaka kumbuyo kwa galimoto, nkugawika pawiri, kumanzere ndi kumanja, kulowa m'mababu.

Koma ulendo sunathe. Moto ukalowa mu babu umayenera kubwerera ku batire, ndipo umabwerera kudzera mu thupi la galimoto lenilenilo. Waya yemwe amalumikiza babu ku chitsulo cha bodi ndi amene amakaniko amati earth. Earth ikafa babu siliyaka olo moto ukufika wonse, ndipo apa ndi pomwe anthu ambiri amataya tsiku lonse.

Ya otomatiki ndi nkhani ina, kumeneko ntchitoyi imagwiridwa ndi switchi yaikulu yomwe imadziwanso P ndi N kuti injini ilire. Komanso galimoto zatsopano zambiri switchi imangotumiza uthenga ku kabokosi ka kompyuta koyendetsa magetsi a bodi, kabokosiko nkuyatsa mababu. Zomwe ndikulemba pano ndi za zakale zija zomwe waya amangoyenda yekha kuchoka pa switchi kukafika ku babu.

Mmene mungayesere osadzipweteka

Ubwino wa manyuwo ndi woti simufunika kulizitsa injini. Imikani galimoto pamalo osatsetsereka, kokani handibuleki, ikani mwala kapena njerwa ku matayala, tembenuzani kiyi pa ON osaliza, ponyani livesi, tulukani mukaone. Giya ikakana kulowa injini ili chete, pondani kilachi, lowetsani giya ina kaye kenako mubwerere ku livesi, imalowa. Osaimitsa mwana kumbuyo injini ikulira inu phazi lili pa kilachi, phazi limaterereka.

Ngati pafunika kulowa pansi, ndipo pa ma Hilux ndi ma Hiace pamafunikadi chifukwa giyabokosi ili pansi pakati, jeki yokha siyodalirika. Pafunika ma stand achitsulo kapena dzenje la pa garaja. Njerwa zosanjikiza zimaphwanyika mosachenjeza. Ndipo dikirani ekizozi izizire kaye, chifukwa switchi nthawi zambiri imakhala moyandikana nayo. Pa galimoto zokoka ndi matayala akutsogolo ngati Corolla switchi mumaipeza kuchokera pamwamba mukatsegula boneti, pena pofunika kuchotsa bokosi la air cleaner kapena batire kuti dzanja lifike, ndipo samalani ndi fani ya radiator chifukwa kiyi ali pa ON imatha kungoyamba yokha injini ikakhala yotentha.

Funso loyamba: lafa limodzi kapena onse awiri

Funso limeneli lokha limadula theka la ntchito. Ngati mbali imodzi ikuyaka, ndiye kuti fyuzi ili bwino, switchi ili bwino, waya wautali uja ali bwino, chifukwa mababu onse awiri amadya pa zinthu zomwezo. Vuto lili kumbuyo komweko, mbali yakufayo: babu, soketi yake, earth yake, kapena kachidutswa ka waya kochokera pomwe anagawika. Munthu wokuuzani kuti musinthe switchi pomwe babu limodzi likuyaka sanaganize bwino nkhaniyi.

Ngati onse awiri afa, maganizo amapita ku zinthu zomwe amagawana, fyuzi, switchi, pulagi yake ndi waya wautali. Komabe musathamangire, chifukwa magetsi a livesi ndi magetsi omwe dalaivala sawaona yekha, ndiye babu limodzi limatha kupsa chaka chatha inu osadziwa, lachiwiri nkupsa sabata ino, inu nkumati afa limodzi. Pa galimoto yakale zimenezi zimachitika kwambiri kuposa mmene anthu amaganizira, ndiye olo afe onse awiri, kuyamba ndi mababu sikulakwa chifukwa ndi pofikirika komanso potchipa.

Babu ndi soketi yake

Galimoto zakale zambiri zimagwiritsa babu la 12V 21W la tsinde lachitsulo lomwe mumalikankha nkulipotoza, pa paketi limalembedwa P21W kapena 1156. Zina, makamaka za ku Japan za pambuyo pake, zimagwiritsa la tsinde lagalasi longolowetsa, W16W kapena W21W. Chotsani babu muyang'ane kawaya ka mkati. Kakaduka kapena galasi likada mkati, lapsa. Koma maso amanamiza, kawaya kamatha kuoneka kabwino kali koduka pa nsonga, ndiye njira yachidule ndi kutenga babu la mtundu womwewo lomwe mukudziwa kuti likuyaka, nkuliika pamenepo mongoyesa.

Chenjerani ndi babu la mabuleki la P21/5W. Limafanana kwambiri ndi la livesi koma lili ndi timawaya tiwiri mkati, timadontho tiwiri pansi, ndipo timano take tam'mbali sitili pa mzere umodzi. Wina akalikakamiza mu soketi ya livesi, mwina siliyaka, mwina limayaka mwa apo ndi apo, mwina limawononga soketiyo.

Ngati munaika ma LED, dziwani kuti ambiri a tsinde longolowetsa amayaka mbali imodzi yokha. Lisanaponyedwe ku dzala, lizuleni, litembenuzeni, mulibwezere.

Soketi nayo iyang'aneni ndi tochi. Galasi la kumbuyo likang'aluka kapena labala wake akatha, madzi a dzinja amalowa nkukhala mmenemo, timazitsulo ta mu soketi nkuchita dzimbiri kapena zobiriwira zija. Palani ndi kasandipepa kiyi ali pa OFF, kokerani kachitsulo ka pansi m'mwamba pang'ono ngati kanafooka kuti kazigunda babu bwino, ndipo tsekani pomwe madzi akulowera apo ayi mudzabwereranso pomwepo mvula ikubwerayi.

Fyuzi, ndi dzina lomwe limasokoneza

Apa pali msampha wa mayina. Mukatsegula bokosi la mafyuzi mukufuna lolembedwa kuti livesi, pa galimoto zambiri simulipeza. Pa ma Toyota ambiri akale magetsi a livesi amadya pa fyuzi yolembedwa GAUGE, yomwe imadyetsanso mageji a pa dashibodi. Zimenezi zimathandiza, chifukwa ngati geji ya mafuta ndi ya kutentha zikugwira ntchito, ndiye kuti fyuziyo ndi yamoyo, ndipo ngati zonse zafera limodzi ndi magetsi a livesi mwapeza kale poyambira. Pa ma Honda a m'ma 1990 muli fyuzi mu boneti yolembedwa BACK UP, anthu nkumati ndi imeneyi, pomwe imeneyo ntchito yake ndi kusunga chikumbumtima cha wailesi, wotchi ndi kompyuta ya injini, ya magetsi a livesi ili kwina pansi pa dashibodi. Ndiye werengani chithunzi cha pa chivundikiro kapena buku la galimotoyo, osangodalira dzina.

Mitundu ya mafyuzi a mano awiri aja ndi yofanana kulikonse: yabulawuni ndi 7.5A, yofiira 10A, yabuluu 15A, yachikasu 20A. Mababu awiri a 21W amakoka pafupifupi 3.5A onse pamodzi, chifukwa 21 kugawa ndi 12 ndi 1.75 pa babu limodzi. Ndiye fyuzi ya 10A siyingapse chifukwa cha mababu okha. Ikapsa, mwina yangokalamba, koma mukaika ina nkupsanso, pali shoti, kutanthauza kuti waya wamoto wasupuka penapake akugunda chitsulo cha bodi.

Ndipo nthawi yomwe ikupsera imakuuzani komwe kuli shotiyo. Ikapsa mukangotembenuza kiyi giya ili pa nyutulo, shoti ili switchi isanafike, kapena pa chinthu china chomwe chimadya pa fyuzi yomweyo. Ikapsa pokhapokha mwaponya livesi, shoti ili kuchokera pa switchi kupita kumbuyo. Zoika fyuzi yaikulu, kapena kukulunga pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu, kapena kawaya ka kopa, zimenezo zimangosamutsa kupsako kuchoka pa fyuzi kupita pa mawaya omwe ali pansi pa kapeti. Fyuzi inaikidwa kuti izipsa iyo m'malo mwa galimoto.

Switchi: iyeseni musanaigule

Mababu ali bwino, fyuzi ili bwino, tsopano tapita ku giyabokosi. Choyamba ingoyang'anani ngati pulagi ili pamalo pake. Zikumveka zopepera koma funsani kuti magetsiwa anasiya liti, nthawi zambiri yankho limakhala loti chisinthireni kilachi. Posintha kilachi giyabokosi imatsitsidwa, mapulagi onse amazulidwa, ndipo ka livesi ndi kamene kamaiwalika pobwezera chifukwa galimoto imalira nkuyenda bwinobwino popanda iko. Pena pulagi imabwezeredwa koma kokhomera kake kanathyoka ndiye imazuka yokha pa mabampu, pena waya anapanidwa pakati pa injini ndi giyabokosi pomanga.

Onetsetsaninso kuti mwagwira switchi yoyenera. Pa giyabokosi pamakhala zinthu zina za mawaya: sensa ya liwiro yomwe kawirikawiri imakhala ndi mawaya atatu, pa galimoto zina switchi ya nyutulo, ndipo pa ma 4x4 ngati Hilux pali switchi ina pa transfer case, bokosi logawa mphamvu ku matayala onse anayi, yoyatsa kagetsi ka 4WD yomwe imafanana kwambiri ndi ya livesi.

Kuyesa kwake kuli motere. Zulani pulagi. Kumbali ya mawaya ochokera ku galimoto, osati kumbali ya switchi, muli timabowo tiwiri. Kiyi ali pa ON, tengani tester ya babu, ija yooneka ngati sikuludiraiva yokhala ndi waya wa kachingwe kopanira, panirani ku chitsulo choyera cha injini, gundani bowo lililonse. Limodzi liyenera kuyatsa tester. Ngati onse awiri ali zii, moto sukufika nkomwe pa switchi, vuto lili pakati pa fyuzi ndi pamenepo, switchi ilibe mlandu.

Ngati moto ulipo, tengani kachidutswa ka waya mulumikize mabowo awiriwo. Apa mwachita ntchito ya switchi ndi dzanja lanu, giya olo ikhale pa nyutulo zilibe kanthu. Wina akaone kumbuyo. Magetsi akayaka, njira yonse ili bwino kupatula switchi, kapena chomwe chimaikankha mkati. Akapanda kuyaka, vuto lili pakati pa pulagiyo ndi mababu, ndipo switchi yatsopano sikanathandiza kalikonse. Kuyesa kumeneku kumatenga mphindi ziwiri ndipo ndi kumene kumasiyanitsa wamagetsi wodziwa ntchito ndi wongosintha masipeya. Koma ndi pa pulagi ya mawaya awiri pokha. Ikakhala ya mawaya ambiri, monga pa ma Volkswagen ena akale, osalumikiza mwachimbulimbuli, pezani kaye chithunzi cha mawaya a galimotoyo.

Amene ali ndi multimeter, kamakina koyezera moto wa magetsi, atha kutsimikiza pa switchi penipenipo. Ikani pa kachizindikiro kolira kaja, gundani mano awiri a switchi pulagi itazulidwa. Pa nyutulo ikhale chete, pa livesi ilire. Ikakhala chete konsekonse ndiye switchi siikutseka.

Pali chizindikiro china chomwe madalaivala amachidziwa: magetsi amayaka pokhapokha mutakankha ndodo ya giya mwamphamvu nkuigwirizira, mukaisiya azima, kapena amangophethira. Apa mwina nsonga ya switchi yadyeka, mwina switchi yamasuka pang'ono pa ulusi wake, mwinanso mabushi a ndodo ya giya kapena makebulo ake atha ndiye giya siikulowa mpaka kumapeto. Ngati ndodo ya giya ikugwedera ngati ili m'phala ndipo livesi imavuta kulowa kapena imatuluka yokha, yambani ndi mabushiwo.

Ma volts 12 onama, ndi nkhani ya earth

Apa ndikhalitsapo pang'ono chifukwa ndi pomwe ngakhale anthu odziwa amasokonekera. Munthu wayeza pa soketi ya babu ndi multimeter, ikuwerenga 12 volts, nkunena kuti moto ukufika, koma akaika babu labwinobwino siliyaka. Zatheka bwanji?

Multimeter simakoka moto, imangounuza. Waya akaduka mkati nkutsala ndi kaulusi kamodzi, kapena pulagi ikachita dzimbiri, kamoto kochepa kwambiri kamadutsabe, kokwanira kuti multimeter ionetse 12. Koma babu likafuna 1.75A yake, kanjira kaja sikangakwanitse, mphamvu yonse imathera pa dzimbiri paja. Zili ngati paipi ya madzi yomwe yatsekeka ndi matope nkutsala kabowo ngati ka singano: mpope ukakhala wotseka paipi imadzaza ndithu, mukatsegula pamatuluka kamadzi kamodzi kenako madontho okhaokha. Nchifukwa chake amagetsi akale amakonda tester ya babu lenileni kuposa ya LED, chifukwa imakokako moto, ndipo ikayaka mofooka mumadziwa kuti njira ndi yodwala. Ngati muli ndi multimeter yokha, yezani babu lili momwemo, livesi ili mkati. Mukaona ma volts agwa kuchoka pa 12 kufika pa 3 kapena 0, pali malo owola penapake moto usanafike pa soketiyo.

Earth nayo ili ndi zizindikiro zake zodziwika. Mukaponya livesi nkuona getsi la indiketa kapena la paki likuyaka mofooka, kapena mukayatsa indiketa getsi la livesi nkumaphethira nawo, kapena mukaponda buleki zonse kumbuyo nkumazilala, ameneyo si mfiti, ndi earth yakufa. Moto wasowa njira yake yobwerera ndiye ukubwerera kudzera m'mababu ena. Fufuzani waya yemwe wamangidwa ndi kabawuti ku bodi pafupi ndi magetsi akumbuyo, mkati mwa buti kuseri kwa kapeti. Pa Toyota waya wa earth amakhala woyera wa mzere wakuda, pa galimoto za ku Germany amakhala wabulawuni. Masulani, palani mpaka chitsulo chiwale, mangani zolimba. Galimoto yomwe inagundidwapo kumbuyo nkupentedwa imakonda vuto limeneli chifukwa opopera penti amapopera ndi pomwe pamakhala earth pomwe, ndipo penti sadutsa moto. Pa ma pikapu vuto limakula chifukwa bodi ya kumbuyo imakhala payokha pamwamba pa chassis, ndipo ikakhala yochita kuwotcherera kuno, mawaya ake amakhala olumikiza ndi tepi basi.

Kuyesa earth nkosavuta: tengani waya wautali, mbali imodzi ku chitsulo choyera cha bodi kapena ku negative ya batire, mbali ina gundani chitsulo cha m'mbali mwa soketi. Babu likawala, mlandu watha.

Pomwe mawaya amakonda kudukira

Waya saduka paliponse, ali ndi malo ake. Oyamba ndi pafupi ndi switchi pomwepo, chifukwa injini ndi giyabokosi zimagwedera pomwe bodi ili chiimire, kuphatikiza kutentha kwa ekizozi ndi oyilo wodontha, pulasitiki ya waya imauma nkuthetheka. Ma mounting a injini akatha kugwedera kumachuluka, waya nkumakokedwa.

Achiwiri ndi pa mahinji. Galimoto zomwe magetsi a livesi ali pa chitseko cha buti kapena pa chitseko chakumbuyo cha station wagon, mawaya amadutsa mu kapaipi ka labala pa hinji ndipo amapindika nthawi iliyonse mukatsegula. Zaka makumi awiri za kupindika kumeneko, kopa wa mkati amaduka kunja kukuoneka bwino. Chizindikiro chake ndi magetsi omwe amayaka buti ikakhala yotsegula nkuzima mukatseka, kapena mosemphanitsa. Kokani labalayo muone, kawirikawiri mupeza mawaya angapo ali pafupi kuduka, ndiye konzani onse nthawi imodzi, ndipo lumikizani kachidutswa katsopano kuti mfundo isakhale pomwe pamapindika.

Achitatu ndi pomwe panadutsa dzanja la munthu. Kamera ya kumbuyo, wailesi za Android zija, kabelu kolira pobwerera m'mbuyo ka m'maminibasi ndi m'malole, soketi ya ngolo, getsi lowonjezera pa pikapu, zonsezi amazilumikiza pa waya wa livesi. Ambiri amangosenda waya, kupotokola, kukulunga tepi, tepi nkumasuka ndi kutentha. Ngati fyuzi ikupsa mukaponya livesi, yambani mwachotsa zowonjezerazo muone ngati ipsenso. Makoswe nawo musawaiwale, makamaka galimoto yomwe imagona pafupi ndi nkhokwe kapena imanyamula chimanga.

Palinso galimoto zomwe zinabwera za otomatiki nkusinthidwa kukhala za manyuwo. Pamenepo mawaya a livesi anali pa pulagi yaikulu ya switchi ya otomatiki, ndipo amayenera kuchotsedwa pamenepo nkupititsidwa ku switchi ya giyabokosi yatsopano. Osintha ambiri amangolumikiza mawaya olizira injini kuti galimoto ichoke pa garaja, a livesi nkuwasiya akulendewera. Galimoto yotere magetsi a livesi sanafe, sanalumikizidwepo chisinthireni.

Kusintha switchi

Mukatsimikiza kuti ndi switchi, pitani nayo yakaleyo ku shopu. Zimafanana kunja koma zimasiyana ulusi, kutalika kwa nsonga ndi kapangidwe ka pulagi, ndipo galimoto za dzina limodzi zimatha kukhala ndi magiyabokosi osiyana, makamaka yakale yomwe giyabokosi yake mwina si yomwe inabwera nayo. Sipanala yake imakhala yaikulu, 22, 24 kapena 27 kutengera galimoto, ndipo soketi yakuya ndi imene imagwira bwino.

Pukutani fumbi mozungulira musanamasule kuti mchenga usagwere mkati. Pa magiyabokosi ena switchi ili m'munsi mwa pomwe oyilo amalekezera, ndiye mukamasula oyilo amatuluka, khalani ndi yatsopanoyo m'manja ndi kabeseni pansi, mukamaliza muone ngati oyilo sanachepe. Yambani kumanga ndi zala mpaka italowa bwino, sipanala ibwere pomaliza, ndipo osaikwera ngati nati ya tayala chifukwa thupi la giyabokosi zambiri ndi aluminiyamu, ulusi ukadyeka ntchito ya mphindi khumi yasanduka ya tsiku lonse.

Washala yake ndi yofunika kuposa mmene imaonekera. Kupatula kutseka oyilo, ndi imene imaika switchi pa kuya koyenera. Mukaika yonenepa kapena ziwiri, nsonga siifika pokankhidwa, magetsi sayaka. Mukaichotsa, switchi imalowa kwambiri, imatha kukhala yokankhidwa nthawi zonse kapena kudyeka msanga. Switchi yomwe ikulira pa multimeter mukaikankha ndi chala koma osagwira ntchito ikamangidwa, yang'anani washala ndi kutalika kwa nsonga musanaganize zotsegula giyabokosi. Zoti chitsulo chokankha mkatimo chadyeka zimachitika, koma ndi mwa kamodzikamodzi, ndipo ndi chomaliza kuchiganizira zina zonse zitayesedwa.

Akamayaka osazima

Vuto lotembenuza limachitikanso, magetsi a livesi kumayaka galimoto ikupita kutsogolo. Dalaivala sadziwa mpaka wina amuuze pa roboti. Usiku amathobwa m'maso amene akukutsatani, komanso amabisa kuwala kwa mabuleki. Kuyesa kwake ndi kuzula pulagi ya switchi kiyi ali pa ON. Akazima, switchi yakanirira kapena yalowa kwambiri. Akapitiriza kuyaka pulagi ili m'manja, waya wopita kumbuyo akuba moto kwa waya wina, ndipo malo oyamba kukayang'ana ndi pa hinji paja ndi pomwe analumikiza kamera.

Ena switchi ikasowa m'mashopu amaika kaswitchi ka dzanja pa dashibodi. Kamagwira ntchito ndithu, koma kamadalira kukumbukira kwa munthu, kuyatsa pobwerera ndi kuzimitsa pochoka, ndipo tsiku lomwe galimoto wabwereka mlamu wanu sadziwa nkomwe kuti kalipo. Amene wasankha njira imeneyi podikira sipeya, moto autenge pa mawaya awiri omwe aja a pa pulagi ya giyabokosi kuti udutsebe pa fyuzi ndi pa kiyi, osati kukoka waya watsopano kuchokera ku batire, ndipo kaswitchiko kakhale kokhala ndi kagetsi kake kowala pa dashibodi kakakhala koyatsa.